Mawu a pailoti pa wailesi angaulule kuti mutu wake wadzaza? Mafunso ndi mayankho

Kuyambira pomwe anthu kuno ku Chipata anadziwa kuti ndinaphunzirako kuulutsa ndeke zing'onozing'ono ndiponso kuti nkhani za wailesi ya m'ndeke ndimazikonda, mafunso sakutha. Ena amandiimitsa ku Kapata, ena pamaliro tikakhala pamoto usiku, ana a sukulu ndiye amatumiza pa WhatsApp. Ambiri amazungulira pa nkhani imodzi yomwe ndinakambapo tsiku lina, yakuti akatswiri amatha kumvetsera pailoti akamakamba ndi a pa tawa n'kudziwa ngati mutu wake walemedwa. Mafunso obwera kawirikawiri aja ndawaika pamodzi apa, kuyambira osavuta kupita ozama.

Mukati mutu wa pailoti walemedwa, mukutanthauza chiyani?

Ganizirani mnyamata wa honda wanyamula mayi ndi thumba la chimanga, akudutsa pa Saturday Market dzuwa lili pamutu. Maso ali pa maenje, pa njinga zodutsa, pa minibasi yomwe yaima posayenera, khutu likumva mayi aja akuti khotera uku mwanawe, ndiye foni nayo ikulira m'thumba. Manja sanatope ayi, koma mutamufunsa nthawi imeneyo kuti 17 kuphatikiza 26 ndi zingati sangakuyankheni. Mutu ulibe malo otsala. Ndi zimenezo basi zomwe pa Chingelezi amati mental workload, kuchuluka kwa zinthu zomwe mutu wasenza nthawi imodzi poyerekeza ndi zomwe ungakwanitse.

Si mantha, si kutopanso, olo kuti zitatuzi zimakonda kuyendera limodzi. Pailoti akhoza kukhala wolimba mtima, wagona bwino usiku, koma potera pa Mfuwe mphepo yatembenuka, mvula ikubwera, ndeke ina ili kutsogolo, checklist (mndandanda wa zoyenera kuona) sanamalize, mutu n'kudzaza ndithu. Mbali inayo nayonso ndi yoopsa: ntchito ikachepa kwambiri, ndeke ikudziyendetsa yokha maola ambiri, maganizo amapita kumunda. Poyeza timafuna kudziwa malo otsala aja, chifukwa vuto likabwera mwadzidzidzi limafuna pokhala.

Pailoti amakamba ndi ndani pa wailesi, ndipo amakambirana chiyani?

Amakamba ndi makontrola, anthu okhala pansi omwe ntchito yawo ndi kupatula ndeke kuti zisagundane. Ife timangoti a pa tawa, koma si onse amakhala mu tawa yamagalasi ija, ena amakhala m'chipinda chamkati kuyang'anira ndeke zomwe zili kutali m'mwamba. Muno mu Zambia ntchitoyi ili m'manja mwa Zambia Airports Corporation, malamulo ndi malaisensi ndi za a Civil Aviation Authority. Wailesi yake ndi ya VHF, pakati pa 118 ndi 137 MHz, pamwamba pang'ono pa mawailesi a FM monga Breeze FM omwe malire awo ndi 108. Wadina batani, wakamba, wasiya. Munthu mmodzi pa nthawi imodzi, ndipo ndeke zonse za m'dera limenelo zikumva.

Kontrola amatchula dzina la ndeke n'kupereka lamulo: tsika kufika mafiti akutiakuti, khotera ku digiri yakuti, sintha frikwensi. Nambala ya ndeke za ku Zambia imayamba ndi 9J, za ku Malawi 7Q, zilembo amazitchula Alfa, Bravo, Charlie, ndipo 9 amati "niner", 3 amati "tree" kuti zisasokonezeke m'phokoso. Pailoti akamva ayenera kubwereza manambala aja monga wawamvera n'kutsiriza ndi dzina la ndeke yake, kontrola nayenso amatchera khutu ngati wabwereza zoona. Kubwerezaku amati readback. Liwu limeneli mulisunge, libweranso kambiri m'munsimu.

Bwanji kuyezera pa wailesi, palibe njira zina?

Njira zilipo, koma iliyonse ili ndi pomwe imatsimphina. Yodziwika kwambiri ndi kumufunsa mwiniwake. Mu 1988 Sandra Hart ndi Lowell Staveland anatulutsa fomu yotchedwa NASA-TLX, pomwe munthu akamaliza ntchito amadzipatsa malikisi pa zinthu 6: mmene mutu unagwirira ntchito, mmene thupi linagwirira, kupanikizika kwa nthawi, mmene akuonera kuti wakhoza, khama lomwe anaikapo, ndi kukhumudwa. Palinso sikelo ya Bedford ya ku Britain, ya 1 mpaka 10, yomwe imafunsa za malo otsala omwe aja. Vuto ndi lakuti umamufunsa munthu atatera kale, zina waiwala, komanso munthu wamkulu wovala yunifomu kuti avomere pamaso pa anzake kuti anachulukidwa si chapafupi. Ena amamumata mawaya pachifuwa kuyeza kugunda kwa mtima, ena makamera oyang'ana maso, ena chipewa choyeza ubongo. Mu simuleta, makina a pansi otsanzira ndeke, zimagwira bwino, koma simungaveke pailoti aliyense wopita ku Mfuwe chipewa cha mawaya m'mawa uliwonse.

Wailesi ndiye ilipo kale, maikolofoni ili pakamwa pake ndipo akamba ndithu afune asafune. Koma pali chifukwa china chomwe ine ndimaona kuti ndiye fupa la nkhani yonse. Kusukulu ya ndeke amakuphunzitsa mawu atatu mwadongosolo, aviate, navigate, communicate, kutanthauza kuti choyamba gwira ndeke iuluke, chachiwiri dziwa pomwe uli ndi komwe ukupita, kukamba kumabwera pomaliza. Ndiye mutu ukayamba kudzaza, katundu woyamba kutsitsidwa ndi wa wailesi. Zili ngati masamba a maungu m'munda wa chimanga, mvula ikadula ndiwo amayamba kufota, mlimi wanzeru akawaona amadziwiratu chimanga chisanapotoke.

Chimasintha n'chiyani kwenikweni m'mawu a munthu wochulukidwa?

Pali kamvekedwe ka mawuwo, ndiye palinso zomwe wakamba ndi nthawi yomwe wakambira.

Pa kamvekedwe, munthu akapanikizika minofu ya pakhosi imakungika ndipo mawu amakwera. Timinofu totulutsa mawu ta mwamuna wamkulu timanjenjemera pafupifupi ka 120 pa sekondi akamacheza, ta mayi ka 200 kapena kuposerapo, ndipo kompyuta imatha kuwerenga nambala imeneyi mphindi iliyonse. Anthufe timazidziwa kale zimenezi popanda makina, mwana wanu akaimba foni kuchokera ku Lusaka amangoti "amayi" inu mwafunsa kale kuti kwagwanji. Carl Williams ndi Kenneth Stevens ku America anayamba kuziyeza kudala, mu 1969 anapima matepi a mapailoti omwe anali pamavuto, ndipo mu 1972 anapima mawu a muulutsi wa wailesi yemwe ankafotokoza kupsa kwa chibaluni chachikulu chonyamula anthu cha Hindenburg mu 1937, n'kuonetsa mmene mawu amakwerera zinthu zikasokonekera. Mphamvu ya mawu nayo imakwera. Liwiro ndiye losadalirika, ena amathamanga ngati akuthamangitsidwa, ena amayamba kudukizadukiza.

Mbali yachiwiri ndi yomwe ine ndimaikhulupirira kwambiri. Kontrola wasiya batani, pamapita nthawi yaitali bwanji pailoti asanayankhe? Pa readback wasiya nambala ina kapena watembenuza, 120 n'kukhala 210? Waiwala kutchula dzina la ndeke yake? Mawu odzazira aja, "aaa", "eee", achuluka? Wapempha kangati kuti "say again", kutanthauza bwerezaninso? Nthawi zina amayankha uthenga wa ndeke ina yomwe nambala yake ikufanana ndi yake. Ndipo pomaliza penipeni samva n'komwe. Ine zinandichitikira ndikuphunzira, tikutera mphepo ikukankha cham'mbali, aphunzitsi anga ndi omwe anayankha wailesi, ndipo titaima anandiuza kuti a pa tawa anatiitana katatu. Mahedifoni anali m'makutu, voliyumu ili bwinobwino, koma sindinamve olo kamodzi. Tsiku limenelo ndinazindikira kuti khutu limatseka lokha mutu ukadzaza, ndipo mwiniwake sudziwa kuti latseka.

Pali chitsanzo chenicheni chomwe munthu angamvetsere?

Chilipo, ndipo ndimachikonda chifukwa palibe anafa. Pa 15 Januwale 2009 ndeke ya US Airways, Airbus A320, inanyamuka pa LaGuardia ku New York, posakhalitsa inalowa m'gulu la atsekwe ndipo mainjini onse awiri anataya mphamvu. Kaputeni Chesley Sullenberger anatenga ndeke ndi wailesi yomwe, mnzake Jeffrey Skiles n'kuyamba kulimbana ndi checklist yodzutsira mainjini. Dzina la ndekeyo pa wailesi linali Cactus 1549. Koma Sullenberger poitana anati 1539, kontrola Patrick Harten nayenso anafika poitchula 1529. Anthu awiri odziwa ntchito yawo, onse anaphonya nambala yomwe anali ataitchula bwinobwino mphindi ziwiri zapitazo. Kenaka mayankho anayamba kufupika, atapatsidwa runway (msewu woterapo ndeke) yobwerera anayankha liwu limodzi chabe, "unable". Atanena kuti akupita mu mtsinje wa Hudson sanayankhenso, kontrola anapitiriza kuitana yekha. Kuchokera pogunda mbalame kufika pamadzi panapita mphindi zitatu ndi theka, ndipo anthu onse 155 anatuluka amoyo.

Manje mukamvetsera tepi imeneyi mawu a kaputeni ndi ofatsa ngati palibe chachitika, chonsecho iye mwini anakamba pambuyo pake kuti mtima unali kuthamanga. Khutu longofuna kumva munthu akukuwa likanati zonse zili bwino. Chinaulula katundu wa m'mutu ndi nambala yophonyeka, mawu ofupika ndi kukhala chete kuja.

Ndiye pailoti akakhala chete kapena kuyankha mwachidule, ndiye kuti zalakwika?

Ayi, ndipo apa ndi pomwe anthu ambiri amasochera. Chitsanzo cha Hudson chikuonetsa munthu wolemedwa kwambiri koma wochita zoyenera, anataya wailesi dala kuti malo otsala onse apite ku ndeke. Pailoti amene wanena "standby" kuti amalize kaye chomwe akuchita ine ndimamulemekeza kuposa amene akuyankha mokoma uku ndeke ikutsika osaona. Kuyeza kumakuuzani kuti katundu ndi wolemera, sikukuuzani kuti wonyamulayo ndi wolephera.

Kukhala chete kwina kumachokera mbali ina ija ya ntchito yochepa. Mu Okutobala 2009 ndeke ya Northwest Airlines yochokera ku San Diego inapitirira Minneapolis ndi mamailosi pafupifupi 150, osayankha wailesi kuposa ola lathunthu, mapailoti ali pa malaputopu awo. Kuchokera pansi kukhala chete kuwiriku kumamveka chimodzimodzi. Musaiwalenso kuti m'ndeke zazikulu muli mapailoti awiri, ndipo kawirikawiri amene akukamba pa wailesi si amene wagwira ndeke. Mukhoza kuyeza mawu a uyu pomwe wolemedwa ndi winayo.

Akatswiriwo amayeza bwanji?

Ambiri amayambira mu simuleta, chifukwa umo angathe kuwonjezera mavuto mwadala popanda kuika moyo wa munthu pachiswe. Pailoti amauluka ulendo wofewa kaye, kenaka amamuzimitsira injini imodzi, amamubweretsera chifunga, munthu wochita ngati kontrola n'kumamupatsa malamulo ambirimbiri. Mawu onse akujambulidwa, mtima ukuyezedwa, pomaliza amadzaza NASA-TLX. Ndiye amadula tepi ija m'tizidutswa, kachidutswa kalikonse kuyambira pomwe wadina batani kufika pomwe wasiya, n'kuwerenga zija tatchula kale, kukwera kwa mawu, liwiro, kuchedwa kuyankha, zolakwika pa readback. Pulogalamu yotchuka pa ntchitoyi ndi Praat, yomwe anapanga Paul Boersma ndi David Weenink a ku yunivesite ya Amsterdam, ndipo ndi yaulere. Masiku ano amaonjezapo kompyuta yolemba mawu omwe yamva, kuti iziona yokha ngati nambala ya kontrola ndi ya pailoti zikugwirizana. Zikapezeka kuti pomwe mawu anasintha ndi pomwenso mtima unathamanga ndipo mwiniwake anavomera kuti panali pothina, ndiye amati chizindikirocho n'chodalirika.

Chofunika kuposa zonse ndi kuyerekeza munthu ndi iye mwini. Palibe nambala imodzi yakuti mawu akafika apa aliyense walemedwa. Wina ndi wobadwa ndi mawu okwera, wina ndi wachibwibwi pang'ono, wina chikhalire amakamba ngati akuwerengera ndalama. Umafunika kudziwa mawu ake a pamtendere, makamaka a ulendo womwewo ali m'mwamba zonse zili bwino, ndiye n'kuona kusintha.

Wailesi ya m'ndeke imalira phokoso chonchija, kompyuta ingamvemo chanzeru?

Imavutika ndithu. Wailesiyi ndi ya AM ndipo imadula mawu apansi, pafupifupi chilichonse chosafika 300 Hz (kunjenjemera ka 300 pa sekondi) chimatayika, ndiye nambala ya 120 ija siifika n'komwe pa tepi, kompyuta imachita kuiwerengera kuchokera ku mawu apamwamba otsalawo. Kuonjeza apo munthu aliyense akakhala m'phokoso amakweza mawu osadziwa, monga timachitira ku chigayo. Dokotala wa ku France Étienne Lombard anazifotokoza mu 1911. Ndiye ponyamuka, injini ikubangula, mawu a pailoti akwera chifukwa cha phokoso kapena chifukwa cha katundu wa m'mutu? Kupatula ziwirizi ndi ntchito. Uthenga wakenso ndi wa masekondi atatu anayi basi. Ndi chifukwa chake ndinati nthawi yoyankhira ndi zolakwika pa readback ndimazikhulupirira kwambiri, phokoso silizisokoneza ngati mmene limasokonezera kamvekedwe ka mawu.

Nanga a pa tawa eni ake sawonjezera katunduyo?

Amawonjezera, ndipo makontrola abwino amadziwa. Mutu wa munthu umasunga manambala ochepa chabe kwa kanthawi kochepa, mukatumidwa kumsika pakamwa zinthu zitatu mubwera nazo, zikafika zisanu ndi chimodzi china chitsala. Kafukufuku wa matepi a makontrola ku America wakhala akuonetsa chomwechi, uthenga ukatalika zolakwika pa readback zimachuluka. Ndiye woyeza asangomvera pailoti yekha, amverenso zomwe anapatsidwa ndi liwiro lomwe anapatsidwira.

Ngozi yomwe inasintha kakambidwe ka pa wailesi ndi ya ku Tenerife pa 27 Malichi 1977, pomwe ma Boeing 747 awiri, ya KLM ndi ya Pan Am, anagundana pa runway muli chifunga ndipo anthu 583 anafa. A KLM ananena mawu osamveka bwino okhudza kunyamuka, kontrola poyankha kuti adikire kaye a Pan Am nawonso anadina batani nthawi yomweyo kunena kuti akadali pa runway, mawu awiriwo anaphana n'kusanduka kulira kwa mluzu. Kuchokera apo liwu lakuti "take-off" limatchulidwa pokhapo pomwe chilolezo chonyamukira chikuperekedwa kapena kuchotsedwa, kwina konse amati "departure". Mawu okhazikikawa amapeputsa mutu chifukwa sufunika kumasulira, komanso amathandiza woyeza, popeza munthu akawasiya n'kuyamba kukamba zachisawawa zimaonekeratu.

Chingelezi chathu cha kuno sichingapangitse makina kutinamizira?

Funso limeneli ndi lomwe limandikhudza kwambiri. Kuyambira 2008 bungwe loona za ndeke pa dziko lonse la ICAO limafuna kuti mapailoti ndi makontrola a maulendo a pakati pa mayiko afike Level 4 pa masitepe 6 a Chingelezi. Koma kukhoza mayeso sikuchotsa lilime lomwe unayamwa. Ife l ndi r timazisakaniza, kumapeto kwa liwu timakonda kuikako i, ndipo chinenero chathu chimasiyanitsa tanthauzo ndi kukweza kapena kutsitsa mawu, mtengo wa mango ndi mtengo wa pamsika amalembedwa chimodzimodzi koma khutu limadziwa. Kayimbidwe kameneka timalowa nako mu Chingelezi. Kompyuta yomwe inaphunzira pa matepi a ku America chabe ikhoza kuona mwana wa ku Katete akukamba bwinobwino n'kuti wapanikizika, kapena kulephera kulemba manambala ake n'kumuwerengera zolakwika zomwe sanachite. Onaninso zomwe ndanena za kuyerekeza munthu ndi iye mwini, kwa ife ndi pomwe pagona chilungamo.

Koma tisadzinamizenso, kukamba chinenero chachiwiri kumadya malo m'mutu, makamaka zinthu zikachoka pa mawu oloweza aja. Pa 25 Januwale 1990 Boeing 707 ya Avianca yochokera ku Colombia inatha mafuta pafupi ndi New York itazunguliridwa m'mwamba kuposa ola, anthu 73 anafa. Mapailoti anauza makontrola kuti mafuta akutha ndipo anapempha kuti atsogozedwe, koma liwu lakuti "mayday" kapena "emergency" losonyeza kuti ali pangozi silinatuluke pa wailesi. Ndikaimva nkhaniyi ndimaganiza za ife, omwe tinaleredwa kuti wamkulu sumulamula, umapempha mozungulira ndi manja awiri. Ulemu umenewo ndi wabwino pakhomo pa apongozi, pa wailesi ya ndeke umafunika kutchula chinthu ndi dzina lake.

Mawu angaululenso kutopa kapena kudwala?

Angathe. Mpweya ukachepa m'ndeke ili m'mwamba kwambiri munthu amakamba mokoka ngati woledzera, ndipo iye amadzimva kuti ali bwino. Mu 2008 makontrola a ku Cleveland anamva pailoti wa Learjet akukamba choncho, anazindikira vuto, n'kumutsogolera kuti atsike, atatsika kufika pomwe mpweya ndi wokwanira mawu ake anabwerera mwakale. Linali khutu la munthu limenelo, osati kompyuta.

Za kutopa ife a Zambia sitifunika kuuzidwa ndi alendo. Usiku wa 27 Epulo 1993 ndeke ya Buffalo yomwe inanyamula timu yathu ya mpira inagwera m'nyanja itangonyamuka pa Libreville, anthu onse 30 anapita. Lipoti la boma la Gabon la mu 2003 linati injini ya kumanzere inavuta ndipo yomwe inazimitsidwa ndi ya kumanja, n'kutchulanso kutopa kwa woyendetsa yemwe anali atangochokera ku Mauritius. Sindikunena kuti makina omvera mawu akanawapulumutsa. Ndikunena kuti munthu wotopa amanyamuka malo otsala ali ochepa kale, ndiye usiku, pamwamba pa nyanja, injini n'kuvuta, palibe pomwe vutolo lingakhale.

Mawu amenewa amajambulidwa? Sadzagwiritsidwa ntchito kuchotsera anthu ntchito?

Malamulo a ICAO amati zokambirana za pa wailesi ya makontrola zijambulidwe ndi kusungidwa masiku osachepera 30. Ndeke zazikulu zilinso ndi bokosi lojambula mawu a m'kokipiti, momwe mumakhala mapailoti, kale linkasunga maola awiri omaliza, zatsopano zikufika maola 25. Pomwe palibe tepi mafunso samatha. Ndeke ya mlembi wamkulu wa United Nations Dag Hammarskjöld inagwa pafupi ndi Ndola mu Seputembala 1961, zokambirana za pa tawa usiku umenewo sizinajambulidwe, mpaka lero anthu akukanganabe. Abale athu a ku Malawi nawo, Dornier yomwe inagwa ku Chikangawa pa 10 Juni 2024 ndi Wachiwiri kwa Pulezidenti Saulos Chilima ndi anthu ena asanu ndi atatu inalibe bokosi lojambula mawu.

Mantha a kuchotsedwa ntchito ndi oona ndipo ine ndili mbali ya mapailoti pamenepa. Malamulo omwewo a ICAO amanena kuti cholinga chofufuzira ngozi ndi kupewa ina, osati kupeza woti anyamule mlandu. Kuyeza mawu kuyende mu mzimu womwewo. Pailoti akadziwa kuti "say again" aliyense akuwerengedwa kuti akamudulire malipiro, adzasiya kufunsa, adzayamba kulota manambala, ndipo zimenezo ndi zakupha. Phindu lenileni lili pophunzitsa, kumuonetsa wophunzira pomwe khutu lake linatsekera, komanso poona malo ndi nthawi zomwe mapailoti ambiri amachulukidwa kuti njira yoterera kapena kakambidwe ka pa tawa kakonzedwe.

Kuno ku Eastern zikutikhudza bwanji, ndeke zake zochepa chonchi?

Kuchepa kwa ndeke sikupeputsa mutu wa amene ali m'mwambayo. Kupatula ndeke za Proflight zotera pa Mfuwe, zambiri zouluka m'chigwa cha Luangwa ndi zing'onozing'ono za alendo oona nyama, ndipo kawirikawiri pailoti ndi mmodzi. Iye yemweyo agwire ndeke, aone mapu, ayankhe wailesi, atonthoze mlendo yemwe akusanza kumbuyo. Ogasiti mpaka Okutobala utsi wa lupsa umaphimba mapiri, kutentha kwa m'chigwa kumafooketsa ndeke ponyamuka, dzinja ndiye mitambo ya mabingu imamera masana ngati bowa. Pa mabwalo a m'tchire palibe tawa, mapailoti amangolengezerana okha pomwe ali, uku maso akusaka nswala kapena njiri pa runway. Wopita ku Lilongwe akangodutsa malire cha ku Mwami asinthe frikwensi n'kuyamba kukamba ndi a Malawi. Kwa pailoti mmodzi chonchi vuto la mapailoti awiri lija palibe, mawu omwe mukumva ndi a munthu yemwe wagwira ndekeyo.

Inu mukadzakwera kandeke kotere mwina adzakukhazikani pampando wa pambali pake. Ku America kuyambira 1981 pali lamulo loletsa macheza m'kokipiti ndeke ikakhala pansi pa mafiti 10,000. Inunso lisungeni, ponyamuka ndi potera musamufunse kanthu, chithunzi cha njobvu mudzamuonetsa mutaima.

Ndine mwana wa sukulu, ndingayambire pati?

Masamu, Physics ndi Chingelezi uzigwire zolimba mwanawe, ndipo ku Lusaka pafupi ndi bwalo la Kenneth Kaunda kuli sukulu ya ZASTI yophunzitsa ntchito za ndeke. Ukapeza wailesi yogwira ma frikwensi a ndeke funsa kaye a ZICTA za malamulo ake, ndipo usadzayese kudina batani kukambapo, makamaka pa 121.5 yomwe ndi ya ngozi.

Kuyeza kwenikweniko ungayese lero lomwe pakhonde. Mnzako akuwerengere manambala atatu a madijiti atatu, iwe uwabwereze, foni ikujambula, kakhumi. Kenaka bwerezani zomwezo uku iwe ukusankha nyemba zofiira ndi zoyera m'mbale ziwiri mothamanga. Mukamaliza mverani matepi onse awiri, werengani masekondi omwe unachedwa kuyankha ndi manambala omwe unaphonya, ndipo ngati kusukulu kuli kompyuta lowetsani mawuwo mu Praat muone mzere wa kukwera kwa mawu. Mukatero sinthanani, iwe uwerenge iye abwereze, chifukwa mzere wake sudzafanana ndi wako.